Malole anadya mau a ambuye

Iwe mnzanga wofuna kupanga filimu yako yoyamba, mvera zanga. Tonse tilota za Rungano Nyoni, amene anawina BAFTA mu 2018 na I Am Not a Witch. Ine ndalama zonse za cilimba ndinagulira kamera, za maikolofoni ndinati tizaona kutsogolo. Osewera anali anzanga a ku Petauke, malipiro ao nsima na kapenta.

Mbali yaikulu tinakajambulira ku Nyimba, pa Great East Road pomwe azimai agulitsa nthoci. Ambuye ena ogulitsa anavomera kusewera mai amene mwana wake anapita ku Lusaka osabwerako. Kamera itayaka, anakamba m'Cinsenga misozi ili mbwe. Kansi mwana wao anapitadi.

Usiku pomvetsera, tinangomva malole opita ku Chipata, mau a ambuye kulibe. Ndinabwerera kukawapempha abwereze. Anati, "Mwana wanga, misozi si ya sewero."

Filimu inatha, koma pamalo paja anthu aona cabe milomo igwedera. Manje iwe, yamba wagula maikolofoni, ndipo pojambula uzivala mahedifoni. Zina zicitika kamodzi cabe.