Masamu a pa Tebulo la Makhadi

Pa masewera onse a makhadi amene ndaona, palibe ophunzitsa munthu kudekha kuposa poker. Anthu ambiri akamva dzinali aganiza za njuga ndi mwayi basi, ndipo ena ati wopambana ndiye amene ali ndi chithumwa m'thumba. Koma ine ndifuna kuonetsa m'nkhani ino kuti nzeru yaikulu ya munthu woyamba kumene masewerawa ndiyo kuwerenga, ndiponso kuti masamu omwewo atiuza malo amene sitiyenera kuikako ndalama konse.

Masewerawa anakulira ku America, mu mzinda wa New Orleans ndi m'sitima za pa mtsinje wa Mississippi, m'zaka za m'ma 1800. Mtundu wake wotchuka ndiwo Texas Hold'em, umene aseweranso pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker, womwe unayamba ku Las Vegas mu 1970. Makhadi onse ali 52, ogawidwa m'mitundu inayi, mtundu uliwonse makhadi 13. Munthu aliyense alandira makhadi awiri obisa. Pambuyo pake makhadi asanu aikidwa poyera pakati pa tebulo, poyamba atatu, kenaka limodzi, potsiriza limodzi, ndipo amenewa ali a onse. Nthawi iliyonse makhadi akagawidwa, wosewera asankha chimodzi mwa izi: kuonjezera pa mulu wa pakati, kuika zofanana ndi zimene mnzake waika, kapena kutaya makhadi ake ndi kudikira ulendo wina.

Ine ndinaphunzira zimenezi kwa amalume anga a ku Chilomoni pa tchuthi. Iwo salola ndalama pa tebulo lawo, ngakhale tambala imodzi. Aliyense wa ife ampatsa nyemba 200, ndipo masewera akatha nyembazo zibwerera m'nkhokwe ya azakhali. Malangizo anayi amene ndilemba pano ndinawamva kwa iwo, ndipo ndinawayesa ndekha ndi pensulo.

Loyamba ndi lakuti usasewere makhadi onse amene walandira. Makhadi awiri oyamba angabwere m'njira 1,326. Mwa njira zonsezi, 78 zokha ndizo zipatsa munthu makhadi awiri ofanana, ndiko kuti kamodzi pa maulendo 17. Ndipo makhadi awiri a A, amene aposa onse, abwera kamodzi pa maulendo 221. Tsono makhadi ambiri amene tilandira ali ofooka. Wophunzira kumene safuna kukhala manja lende pamene anzake alikusewera, chotero aponya nyemba pa ulendo uliwonse, nazitha pang'onopang'ono monga madzi a mu mtsuko wobooka. Amalume ataya makhadi awo kanayi pa kasanu, ndipo ife tikawaseka angoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Lachiwiri ndi lakuti uyang'ane malo amene wakhala. Wolankhula potsiriza waona kale zimene anzake onse achita, pamene wolankhula poyamba aika nyemba zake mu mdima. Chifukwa chake makhadi a pakatikati ungasewere nawo ngati uli wotsiriza, koma uwataye ngati uli woyamba.

Lachitatu ndilo mutu wa zonse, ndipo ndipempha kuti muwerenge bwino. Tiyese kuti ndili ndi makhadi awiri a mtima m'manja, ndipo pa makhadi anayi a pa tebulo awiri alinso a mtima. Ndifuna limodzi lina kuti akwane asanu a mtundu umodzi, pakuti amenewo ndi makhadi amphamvu. Makhadi amene ndaona ali 6, osaoneka ali 46, ndipo mwa amenewa a mtima atsala 9. Motero khadi lotsiriza lidzandikomera pafupifupi kamodzi pa kasanu. Tsopano tinene kuti pa mulu pali nyemba 60, ndipo mnzanga waonjeza 30. Kuti ndipitirire ndiyenera kuika 30, ndi chiyembekezo cha kutenga 90. Ndikachita chomwecho kasanu, nditaya 30 kanayi, ndizo 120, ndi kupata 90 kamodzi. Ndaluza 30. Koma mnzangayo akaonjeza 10 zokha, nditaya 40 pa maulendo anayi ndi kupata 70 pa ulendo umodzi, ndipo ndapindula 30. Makhadi ali omwewo, chosintha ndi mtengo. Wosewera wanzeru asanafunse ngati angapambane, ayamba wafunsa ngati mtengowo uyenerana ndi mwayi umene ali nawo.

Lachinayi likhudza kunamiza, ndiko kuonjezera nyemba zambiri uli ndi makhadi achabe kuti anzako aope nataye awo. Ichi ndicho chimene anyamata aona m'mafilimu nachikonda. Koma kunamiza kugwira ntchito pa munthu wodziwa kutaya makhadi, ndipo ophunzira anzathu sataya konse. Nanga ungaopseze bwanji munthu wosadziwa kuti pali choopsa? Pa tebulo la oyamba kumene, onjeza pamene makhadi ako ali abwino, nusiye pamene ali oipa.

Mwina wina adzati izi si nkhani za magazini ya sukulu. Koma aphunzitsi athu a masamu adziwa kuti phunziro lowerenga za mwayi linabadwira pa tebulo la njuga. Mu 1654 akatswiri awiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, analemberana makalata pofuna kupeza njira yogawira ndalama za masewera amene adukizidwa asanathe. M'makalata amenewo ndimo munayambira zimene tilemba pa mayeso lero.

Tsono tiyeni titenge masamu omwewa tipite nawo m'tauni. Aliyense woyenda m'misewu ya Blantyre ndi Limbe, kapena ku Ndirande ndi ku Bangwe, waona nyumba zobetcheramo, ndipo ena abetcha pa foni osachoka pa mpando. Pa poker ulimbana ndi anzako, ndipo wodziwa kuwerenga aposa wosadziwa. Koma m'nyumba zimenezi ulimbana ndi mwini nyumba, amene anawerenga kale iwe usanafike. Taonani chitsanzo cha gudumu lotchedwa roulette, la mtundu wa ku Ulaya. Lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36, ndipo wolasa nambala alandira 35 pa imodzi. Munthu akaika K100 pa nambala iliyonse atulutsa K3,700. Nambala imodzi ipambana ndithu, koma chobwerera kwa iye ndi K3,600 pamodzi ndi imene anaikapo. K100 yatsala kwa mwini nyumba, ndipo palibe nzeru kapena chithumwa chosintha chimenechi. Nawonso a makhadi atatu amene ayala pa katoni pafupi ndi misika ali oipa koposa, pakuti pamenepo palibe ngakhale mwayi. Amene muona alikupambana ali anzake a wogawayo, ndipo dzanja lake lifulumira kuposa diso lanu.

Ndilemba izi chifukwa ndinali ndi mnzanga ku pulayimale, mnyamata wochenjera pa masamu kuposa ine. Atasankhidwa kupita ku sekondale, amake anagulitsa mbuzi kuti apeze fizi ya chigawo chachiwiri. Iye anaika theka la ndalamazo pa kubetcha, nati akapambana agulanso nsapato. Zitapita, anaika theka linalo kuti abweze zoyamba zija. Chaka chimenecho sanamalize sukulu. Masamu anali kuwadziwa, koma sanafune kuwafunsa. Paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Lamulo la dziko lathu la mu 2022, limene linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lipitiriza kuletsa aliyense wosakwana zaka 18 kutchova njuga, ndipo malamulo a sukulu yathu atero omwe. Chotero pempho langa kwa anzanga ndi ili: ngati mufuna kuphunzira poker, sewerani ndi nyemba, chimanga kapena zitsekerero za mabotolo, ndipo muwerenge musanaike. Kwa aphunzitsi athu ndipempha kuti tsiku lina abwere ndi makhadi m'kalasi pophunzitsa masamu a mwayi. Ndikhulupirira kuti mwana amene wawerengera yekha kumene K100 ija ipita sadzafulumira kupereka fizi yake kwa mwini gudumu.

Wophunzira wa Fomu 3