CIPEMBERE CATSALA M'NTHANO

Anthu ambiri a mu Kapata amaona magalimoto a alendo akulowera mseu wa ku Mfuwe, koma iwo eni sanapondeko ku Malambo. Kumeneko ndiko kuli nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene Boma linaisandutsa National Park mu 1972.

Mkulu wina wa mu Kapata, amene anakulira m'dziko la Mfumu Nsefu, akumbukira kuti pa ubwana wace anthu anali kuopa cipembere popita kumadzi. Lero akamasimbira adzukulu ace za nyamayi, iwo amayesa nthano. Akupha nyama mobisa anacitsiriza cifukwa ca nyanga yace, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti catha m'Zambia monse. Zimene ziri ku North Luangwa zinayamba kubwera mu 2003 kucokera ku South Africa.

Cimene cimamupweteka mkuluyo ndi ici: makolo akale nawonso anali alenje. M'phanga la Kalemba ku Cadiza, D. W. Phillipson anakumba mu 1971 napeza zida za miyala ndi mafupa a nyama zimene iwo anadya. Anasaka zaka zikwizikwi, koma nyama sizinathe. Mfuti ndi umbombo zinatha cipembere mu mbadwo umodzi wokha.

Njobvu zikalipo, ndiponso nyamalikiti wa mtundu wosapezeka kwina kuli konse koma m'cigwa ca Luangwa. Wochera waya m'thengo adziwe kuti akuba cuma ca adzukulu ace omwe.