Banja Lina Liphunzira Kupalasa Njinga

Pa nyanja ya Malawi, m'boma la Salima, pali chilumba dzina lake Mbenji. Asodzi amanyamuka pa doko la Chikombe napita kumeneko kukagwira utaka. Kuyambira zaka za m'ma 1950, Mfumu Makanjira amatseka chilumbachi mwezi wa December kuti nsomba ziswane, nachitsegulanso mwezi wa April. Akazi saloledwa kufika pa chilumbapo. Chotero nyengo ya usodzi amayi amatsala kumudzi ndi ana.

Chaka china msodzi wina anapha utaka wambiri, ndipo chilumba chitatsekedwa anagula njinga. Pofika nayo kwawo anati, "Ine ndapalasa bwato zaka zambiri pa mafunde a mwera. Kodi kachitsulo aka kangandikanike?" Anakwera pamaso pa anthu, koma sanapite patali. Njinga inapendekeka, iye nagwa pamchenga, ana a m'mudzi naseka. Munthuyo anachita manyazi, nakaimika njinga kuseri kwa nkhokwe, ndipo inakhala komweko masiku atatu.

Tsiku lachinayi mkazi wake anati, "Bambo, inu mukapita ku chilumba, mwana nadwala, ndani adzamtengera ku chipatala? Tulutsani njinga ija, tiphunzire tonse."

Mwana wawo wamkulu anali ataphunzirako pa njinga ya mnzake. Iye anawatsogolera ku bwalo la sukulu kumene nthaka ili yolimba, pakuti mchenga umameza matayala. Pamenepo anati, "Atate, bwato limakhala pamadzi ngakhale mutaleka kupalasa, koma njinga ikaima imagwa. Musayang'ane mapazi anu, yang'anani kutsogolo. Ikapendekera kumanzere, mukhotetse chiwongolero pang'ono kumanzere komweko, ndipo idzawongoka."

Chinali chinthu chovuta kwa munthu wamkulu kulangizidwa ndi mwana wake, koma atate anamvera. Madzulo ali onse anapita ku bwalo kuja. Wina akakwera, wina anagwira chishalo kumbuyo nathamanga naye. Atate anasupuka chigongono. Amayi anamanga chitenje zolimba, nagwera m'tchire kawiri, akazi anzawo akuyang'ana. Ngakhale kamtsikana kakang'ono kanayesa, ngakhale miyendo yake inali yaifupi.

Woyamba kudziwa anali amayi. Iwo anazolowera kusenza mtsuko pamutu kuyambira ubwana, chotero sanaweramitse mutu kapena kugwedeza thupi. Tsiku lina mwamuna wawo anataya chishalo mwakachetechete, iwo napitirira okha mpaka pa mtengo wa mango osadziwa kuti palibe wowagwira. Mawa lake amayi ndiwo anagwirira atate chishalo, ndipo pakutha pa sabata atate nawonso anadziwa.

Njinga ya matayala awiri ofanana, yoyenda ndi tcheni, inatchuka chifukwa cha John Kemp Starley wa ku Coventry m'chaka cha 1885. Tayala lopopa mpweya analikonza John Boyd Dunlop ku Belfast m'chaka cha 1888, pofuna kuti kanjinga ka mwana wake kasamgwedeze pa miyala. Nayenso anali tate wosamalira mwana wake.

April atafika, chilumba chinatsegulidwa, atate napita ndi makoka awo. Patapita milungu itatu kamtsikana kaja kanatentha thupi ndi malungo. Amayi sanadikire munthu. Anakabereka kumbuyo m'bandakucha, napalasa mpaka ku chipatala, ndipo mwanayo analandira mankhwala nthawi isanathe, nachira.

Ananu, njinga ija ikadakhalabe kuseri kwa nkhokwe, ulendo umenewo ukadakhala wa pansi, ndipo malungo sadikira. Pamene muphunzira chinthu chatsopano mudzagwa, ndipo ena adzaseka. Dzukani, sansani fumbi, nimukwerenso. Ndipo mukaona mkulu wanu alikuphunzira, musaseke, mgwirireni chishalo.