Kagalimoto ka Maso a Cule

Munthu akacoka pa Cairo Road mu Lusaka nalunjika cakumadzulo, mbali ya ku Kanyama, asanatope afika ku Chibolya. Dzinali ndi la Cibemba, ndipo litanthauza bwinja, cinkana anthu sanasamukeko konse. Dziko la kumeneko ndi lacidikha, ndipo pansi pa dothi pali thanthwe la mwala wa laimu umene umaturukira m'njira ngati mano. M'dzinja madzi amasowa kopita, nangokhala m'zithaphwi. Njinga imapita bwino m'njira zotere, lole nayonso imapita. Koma m'caka ca 1964 kalaliki wina wa Boma anabwera nayo kumeneko galimoto imene mimba yace inatalikirana ndi nthaka monga utali wa cikhato cokha.

Kalalikiyo anali wa ku Katete. Anatsiriza Standard 6 pa sukulu ya mishoni, ndipo nchito yace inali yotaipa makalata. Anali kukhala ku Chibolya ndi mkazi wace ndi mwana mmodzi, alikudikira kuti dzina lace lifikidwe pa mndandanda wa ofuna nyumba ku Matero. Kwa zaka 5 anali kusunga ndalama m'buku la ku Positi, ndipo onse a pabanja anadziwa nchito ya ndalamazo: zina zinali za makina osokera a mkazi wace, zina za fizi ya mlongo wace amene anali pafupi kulowa Form 1.

Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinatha pa 31 December 1963, ndipo ufulu wa Zambia unali kudza pa 24 October 1964. Pakati pa masiku awiri amenewa Azungu ambiri anali kulongedza, nagulitsa mipando, mawailesi ndi magalimoto pa mtengo wotsika. Mnyamata wina wa Cizungu wa mu ofesi yomweyo anali nako kagalimoto kofiira, kopanda denga lacitsulo, dzina lace Austin-Healey Sprite. Mtundu umenewu unapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1958 kufikira 1961, ndipo katsopano kanali kugulidwa mapaundi 669 kumeneko. Kanali ndi mipando iwiri yokha. Zitseko zace zinalibe zogwirira kunja, ndipo kumbuyo kunalibe citseko ca katundu, kotero kuti wofuna tayala lapadera anayenera kupinda mipando ndi kukwawira m'kati monga wosaka mbewa. Nyali zace zinali tong'o pamwamba pa boneti, ndipo Angerezi eni ace anakacha Frogeye, ndiko kuti maso a cule.

Kalaliki anapita kukakaona madzulo ataweruka, mwini wace atayamba kale kukayendetsa. Injini yotentha imalira msanga, ndiponso imabisa kugogoda kumene ikadaulula m'mawa iri yozizira. Iye sanagwade kuti aone pansi, pakuti anabvala buluku loyera. Sanaitane makanika, cifukwa anacita manyazi kuoneka ngati wokayika mau a Mzungu. Anayang'ana utoto, nakhala pa ciongolero, namva mphepo m'makutu pa mseu wa phula wa ku Ridgeway, ndipo mtima unatha pomwepo. Akulu amene ananena za cikomekome ca nkhuyu sanaone galimoto, koma nyerere anazidziwa. Mtengo unali wolingana ndi malipiro ace a miyezi 7, ndipo zotsala m'buku zinapita ku laisensi ndi inshuwalansi.

Tsiku lofika nako, ana a komboni yonse anathamangira pambuyo alikupfuula kuti, "Cule! Cule!" ndipo dzinalo linakhala. Mkazi wace anaturuka, nazungulira kagalimotoko kamodzi, nafunsa mofatsa, "Kodi bambo, mwana azikhala pati?" Amalume ace, amene anadza kucokera kumudzi patapita milungu ingapo, sanafunse za liwiro lace ngakhale anauzidwa kuti kamatha mamailosi 80 pa ora. Iwo anati, "Iwe mphwanga, kangasenze matumba angati a cimanga?" Atamva yankho anakhala cete, ndipo pobwerera anakwera basi monga anadzera.

Miyezi ya cilimwe inapita mokoma. Mvula itagwa mu December, Cule anayamba kuonetsa makhalidwe ace. Mwala wobisika m'cithaphwi unazula mpope wa utsi, ndipo kagalimoto kanalira ngati ndege mpaka agalu kuthawa. Mlungu wotsatira madzi analowa m'zamagetsi, kanazima pakati pa matope, ndipo kalaliki anafika ku nchito mocedwa, nsapato ziri m'manja. Utsi wobiriwira unayamba kuturuka kumbuyo. Mu January 1965 kalata ya fizi inafika, koma buku la ku Positi linali lopanda kanthu. Iye anakongola kwa mnzace wa mu ofesi, ndipo mkazi wace anayamba kukazinga zitumbuwa mbandakuca nakagulitsa pa msika. Za makina osokera sanazichulenso, ndipo kukhala cete kumeneko kunampweteka mwamunayo koposa kulongolola.

Cimene cinampulumutsa ndi mkulu wina wokonza magalimoto pansi pa mtengo, amene anaphunzira nchitoyo pa malole a asilikali m'nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Mkuluyo anatukula boneti, imene pa galimoto zimenezi imatukuka yonse pamodzi ndi nyali zomwe, nayang'ana nthawi yaitali, naseka. "Akalaliki," anatero, "uyu ndi Austin A35 wobvala suti. Musamapite kwa ogulitsa a m'tauni ndi dzina lace lalitalilo, angakudyereni ndalama." Ndipo zinali zoona. Injini yace ya 948 cc inali ya mtundu umodzi ndi ya A35 ndi ya Morris Minor 1000, ndipo zitsulo za ciongolero zinatengedwa ku Morris Minor. Magalimoto amenewo anali ambiri mu Lusaka, akufa ndi amoyo omwe, kotero kuti zitsulo zambiri zinapezeka kwa ogulitsa zakale.

Utsi wobiriwira, anatero mkuluyo, ndiwo oilo wopsa pamodzi ndi petulo cifukwa maring'i a mapisitoni adyeka. Anamasula injini, naika maring'i ena, ndipo kalaliki anakhala pambali Loweruka ndi Loweruka alikupereka masipanala. Kumeneko anaphunzira zimene akadaphunzira asanagule. Kusiyana kwakukuru kwa Cule ndi abale ace kunali makabyureta awiri a SU m'malo mwa imodzi, ndipo awiriwo ayenera kukoka mpweya mofanana. Mkuluyo analibe cipangizo coyesera. Anali kutenga kampope ka mphira, naika nsonga imodzi kukhutu, inayo pakamwa pa kabyureta iyi, kenaka pa inzace, napotoza sikuluu kufikira kupuma kwa ziwirizo kutamveka cimodzimodzi. Pamwamba pa kabyureta iri yonse pali kacitsekero, ndipo m'menemo mufunika madontho a oilo. Mukauma, galimoto imatsamwa poponda moto. Zosefera mpweya nzazing'ono, zopangidwira dziko lopanda pfumbi, ndipo m'mwezi wa October ku Chibolya zinafuna kutsukidwa mlungu uli wonse. Girizi wa m'miyendo ya kutsogolo sanayenera kuiwalika. Za miyala ya m'njira panalibe mankhwala, koma kuidziwa umodzi-umodzi ndi kuilambalala. Ndipo mvula ikakula kalaliki anali kusiya Cule kwa mnzace m'tauni, nayenda pansi monga kale.

Popeza anali kalaliki, analemba zonse m'kabuku, ngakhale kobiri la cigamba ca chubu. Caka citatha anawerengera, napeza kuti zokonzera zinapitirira theka la mtengo wogulira. Kabukuko sanakaonetse mkazi wace, koma mkaziyo anali atakawerenga kale.

Usiku wina mu March mwana anatentha thupi nayamba kukomoka. Pa ora limenelo kunalibe basi kapena lamya. Cule analira pa kuyesa koyamba, ndipo amai ndi mwana pamiyendo anakwanira pa mpando umodzi uja. Mwana anacira. Pambuyo pace mkaziyo anayamba kuingitsa ana okwera pa boneti, cinkana za mipando iwiri sanasinthe maganizo ace.

Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda cilolezo ca Britain, ndipo mu December petulo amene anali kudzera m'dzikolo analeka kufika ku Zambia. Ndege za Britain, Canada ndi America zinanyamula migolo ya mafuta, malole nawonso analimbana ndi mseu woipa wocokera ku Dar es Salaam, ndipo petulo anayamba kugulitsidwa mwa muyeso. Bvutoli linacepa mpope wa TAZAMA utafika ku Ndola mu 1968. M'masiku amenewo eni magalimoto akuru-akuru a ku America anawaimika pa njerwa, pamene Cule, amene anali kuyenda mamailosi ngati 40 pa galoni limodzi, anali kuyendabe. Kwa nthawi yoyamba anthu anayamba kufunsa mtengo wace.

Mu 1966 mwana waciwiri anabadwa, ndipo nyumba ya ku Matero inapezeka. Ngongole ya fizi inali isanathe, ndipo mlongo uja anali kufuna za Form 3. Mphunzitsi wina wosakwatira anafika madzulo a Lacisanu, ndalama ziri m'thumba, maso ali pa utoto wofiira, nati ayese kagalimoto pomwepo. Kalaliki anali atangofika nako kucokera ku nchito, injini ikali yotentha. Anayang'ana thumbalo, nayang'ana mkazi wace amene anaima pakhomo ndi khanda kumbuyo.

"Aphunzitsi," anatero, "pepani, lero iai. Mubwere mawa mmamawa kasanalire, mubvale buluku lakale, ndipo mudze ndi makanika wanu." Atatero analowa m'nyumba kukatenga kabuku kaja.