Lilime la Agogo

Agogo anga pochoka ku Joni, Wenela asanaleke kutenga anthu mu 1974, anabwera ndi bulangeti, wotchi ndi limba la pakamwa lija amati hamonika. Inali Marine Band, mtundu umene kampani ya Hohner ya ku Trossingen, ku Germany, yakhala ikupanga kuyambira 1896. Atamwalira, abale analimbirana mbuzi. Ine ndinangotenga hamonikayo n'kubwerera kutauni.

Mukaitsekula mupeza timalilime 20, tiwiri pa bowo lililonse: kena kamalira mukauzira, kena mukakoka mpweya. Timalilime ta agogo n'tabulasi, mkuwa wosakaniza ndi zinki. Bulasi ndi wofewa, amamva msanga. Mukangopumira pang'ono wayankha kale, ndipo mukapinda liu amalira ngati mayi pasiwa. Agogo ankati, "Iwe, limba sakalipira, amalinong'oneza." Ine ndinkangoseka.

Tsiku lina ndikulakatula ndakatulo pamalo ena ku Blantyre, anthu ali phokoso ndi mabotolo ao, ndinafuna kuti andimve. Ndinakoka bowo lachinayi ndi chifuwa chonse. Liu linatsika, ngati munthu wachimfine. Patatha sabata, zii! Kalilime kanang'aluka kutsinde, pafupi ndi msomali wake. Chitsulo chimatopa, abale. Chikamapindika kambirimbiri pa sekondi iliyonse, kamng'alu kosaoneka kamayamba, liu n'kutsika, kenaka basi.

Chisoni chinandisandutsa wofufuza. Ndinayesa ya Suzuki ya ku Japan, ya timalilime ta phosphor bronze, mkuwa wa tini ndi fosifolasi pang'ono. Imeneyi ndi yolimbirapo, liu lake lowala, ndipo inandipirira nthawi yaitali. Kenaka ndinagwira ya Seydel, kampani ya ku Klingenthal yomwe inayamba mu 1847. Iwo mu 2007 anatulutsa timalilime tachitsulo chosachita dzimbiri. Malovu sachiopsa, liu silisuntha wamba, koma mtengo wake ungagulire matumba a chimanga. Masiku oyamba ndinkaimva youma kukamwa, ngati nsapato yatsopano.

Oyimba amakangana kuti yokoma n'iti. Ine zimene ndaona n'zakuti womvera ali patebulo sasiyanitsa bulasi ndi chitsulo. Amasiyanitsa ndi woyimba yekha, pamilomo pake. Ndipo chitsulo nacho chimathyoka mukachikalipira, kungoti chimachedwa kukuuzani. Bulasi wa agogo anakhala zaka zoposa makumi anayi m'manja mwao. Mwa ine anafa usiku umodzi. Mau a akulu akoma akagonera.

Mmisiri wina wa mawotchi anati angathe kuzula kalilime m'hamonika ina n'kukhomera pamenepo. Ndinapita nayo mpaka pakhomo pake, n'kubwerera. Yachitsulo ija ndiyo ndimapita nayo kwa anthu. Ya agogo ndimaiyimba ndekha usiku, chapansipansi, ndipo ndikafika pa bowo lachinayi ndimangomva mpweya wanga ukudutsa.