Penti Sabisa Dzimbiri

Amayi anzanga, lero ndikufuna ndikuuzeni za chitseko, pakuti chitseko chimodzi chidandichititsa manyazi pamaso pa gulu limene ndimatsogolera kuno ku Nancholi.

Gulu lathu limachita lendi kachipinda kosungiramo katundu. Nyumbayo iri ndi tizipinda tinayi, kalikonse ndi chitseko chake chachitsulo, ndipo tina titatu amasungiramo katundu ndi amalonda. M'kathumo muli makina osokera, mapoto aakulu ophikira pamaliro, ndi chimanga chimene timagula pokolola ndi ndalama zosonkha.

Mu Novembala 2022 tidamva kuti kukubwera alendo odzaona ntchito zathu. Chitseko chathu chidali chitayamba dzimbiri m'munsi, tsono ine ndidathamanga kukagula penti wobiriwira. Mayi wina wachikulire wa m'gulumo adandiletsa, nati, "Mwana wanga, yamba wapala. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere." Ine ndidayankha kuti, "Pepani amayi, nthawi yatha," ndipo tidapaka tsiku lomwelo. Alendo adayamikira.

Mu Malichi 2023 kudabwera namondwe Freddy. Anzathu ambiri a ku Chilobwe ndi ku Manja adataya miyoyo ndi nyumba, motero zathuzi nzazing'ono. Komabe mvula itakata tidapeza penti atatukusira, ndipo pomukanda ndi chala chitsulo chidangoboowoka. Dzimbiri lidali likudya mwakachetechete pansi pa penti wanga uja. Madzi adalowa, makoswe nawonso, ndipo matumba atatu a chimanga adawola. Pamsonkhano palibe adandinyoza, koma ndidadziwa kuti ndalama zidaolazo zidali za amayi ogulitsa mandasi ndi tomato.

Wowotcherera zitsulo adatiikira chigamba, ndipo tidapirira nacho kufikira chaka chino pamene ndalama zakwana. Ulendo uno penti sitidagule nkomwe, koma ntchito yayamba kale.

Tidayamba ndi kupempha chilolezo kwa mwini nyumba, kenaka tidakambirana ndi eni tizipinda tinato kuti zitseko zonse zipakidwe pamodzi. Aliyense wauzidwa tsiku, kuti adzabwere ndi kiyi wake, chifukwa chitseko chotseka sichipakika m'mbali ndi pansi, pomwe dzimbiri limayambira. Ufa, shuga ndi mpunga zidzayamba zatulutsidwa, pakuti zimatenga fungo la penti. Zotsala tidzaziphimba ndi mapepala apulasitiki.

Nyengo nayo tasankha. M'dzinja ai, ndiponso m'masiku a chiperoni a Juni ndi Julayi ai, chifukwa chitsulo chimakhala ndi chinyontho chosaoneka ndi maso. Tadikira Ogasiti. Tidzayamba m'mamawa mame atauma, tisanafike masana pamene chitsulo chimatentha ndi kuumitsa penti asanagwire. Pabwalo tidzawazapo madzi kuti mphepo isatiponyere fumbi.

Ntchito yeniyeni ndi kupala. Penti yense wosendeka achoke ndi chopalira, dzimbiri lichoke ndi burashi yawaya, kenaka sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Pamene penti wakale wagwira bwino, mungomukwecha pang'ono kuti watsopano apeze pogwira. Apa chenjerani, amayi. Penti wina wakale wamafuta amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limaononga ubongo wa ana. Nyowetsani pokwechapo, mangani kansalu kukamwa ndi kumphuno, ndipo wapakati kapena wobereka mwana kumbuyo apatsidwe ntchito ina kutali. Zopalidwazo musese ndi kuzitaya kosafika ana kapena nkhuku, ndipo musambe m'manja musanagwire chakudya.

Mukapala, tsukani chitseko ndi madzi asopo kuti mafuta ndi litsiro la m'manja zichoke, mutsukuluze, chiume ndithu. Tsiku lomwelo pakani penti wofiira woteteza dzimbiri, amene m'masitolo a zomangira amamutcha red oxide. Chitsulo chopalidwa chisagone chosapaka, chifukwa mame a usiku umodzi amayambitsanso dzimbiri. Loko mumuchotse, ndipo mahinjesi musawamize m'penti. Wofiirayo akauma monga mwalembedwera pachitini, ndiye mupake penti wa mtundu umene mwaukonda, mopyapyala, kawiri, kulekeza kuti woyamba aume.

Tawerenga kuti kupala ndi kutsuka kudzatidyera masiku awiri, pamene kupaka kwenikweni ndi kwa maola ochepa. Masiku awiri amenewa ndi amene ndidawakana mu 2022.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mulibe chipinda cha lendi, koma muli ndi chitseko cha khitchini, geti, kapena mafelemu a mawindo. Musanapereke ndalama ya penti, gwadani muone m'munsi mwake, mukande ndi mpeni. Mayi wachikulire uja tamusankha kuti adzayang'anire ntchito yathu, ndipo wanena kale kuti chitini sichitsekulidwa iye asanayendetse dzanja lake pa chitseko chirichonse. Ine ndapempha kuti andipatse burashi yawaya.