Nyerere m'Mphika wa Lalanje

M'dziko la Mzimba mvula imaleka mwezi wa Epulo, ndipo pofika Okutobala nthaka yauma gwa ngati phale. Iyo ndiyo nyengo imene anthu a ku boma la Mzimba, a ku Edingeni ndi a ku Jenda amalera mbande za mitengo m'miphika yakale, m'zitini ndi m'timatumba takuda. Ayembekeza nyengo ya kuoka mitengo, imene m'Malawi iyamba pa 15 Disembala nitha pa 15 Epulo. Koma nyerere nazonso zifuna dothi lofewa ndi mthunzi pa masiku otenthawo, ndipo kawiri kawiri zizipeza m'miphika yomweyo.

Pa mudzi wina pafupi ndi Embangweni, kumene Donald Fraser anakhazika mishoni ya Loudon m'caka ca 1902, panali mtsikana wa sukulu wokhala ndi agogo ace akazi. Kuseri kwa nyumba yao kunali mtengo wa malalanje umene anaoka agogo ace amuna asanamwalire. Mtengowo unakalamba, nuyamba kuuma nthambi. Cifukwa cace mtsikanayo anafesa njere zace mu mphika woboola pansi, koma inamera imodzi yokha. Iye anadziwa kuti mbande iyo ikafa, mtengo wa agogo ace udzatha pa mudzipo.

Tsiku lina anaona kuti masamba a mbandeyo apiringizika, nada ngati mwaye, ndipo powakhudza anamata m'manja. Pamwamba pa dothi panali timilu ta pfumbi, ndi nyerere zakuda zirikukwera ndi kutsika pa tsinde, zonse pa mzere umodzi. Mlongo wace anati, "Tenga madzi owira kapena parafini, uthiremo, zife zonse lero lomwe." Koma agogo anamletsa, nati kwa mtsikanayo, "Ai, mdzukulu wanga, zimenezo zidzapha nyerere ndi mizu yomwe. Yamba watembenuza tsamba, uone cimene alendowa adzera."

Potembenuza tsamba anapeza tizirombo tating'ono tambiri, tina tobiriwira, tina takuda, titaunjikana pa nsonga zanthete. Tizirombo timeneto tichedwa nsabwe za zomera. Tiri ndi kamlomo konga singano, kamene tiboola nako tsamba ndi kuyamwa madzi ace. Tikakhuta titurutsa madzi otsekemera, ndiwo amene nyerere ziwakonda. Kotero nyerere ziweta nsabwezo monga Angoni aweta ng'ombe zao: zizisunga, zizikama, nizipitikitsa adani ao. Madzi otsalawo agwera pa masamba, ndipo pamenepo pamera nkhungu yakuda yophimba tsamba kuti lisalandire dzuwa.

Nyerere siiri ngati ciswe. Ciswe cidya mtengo ndi mizu yace, koma nyerere zakudazi sizidya mizu. Coipa cao ndico kukumba. Pokumba njira ndi zipinda zao zicotsa dothi pa mizu, ndipo mizu itsala pa mphako niuma. Munthu akathirira, madzi angotsata njirazo naturukira pansi, osanyowetsa dothi. Mkati mwa zipindazo mukhala manthu, ndiye mai wa onse, amene nchito yace ndiyo kuikira mazira. Kupha nyerere zoyenda pa tsinde sikuthandiza, pakuti manthu akatsala adzabala zina.

Atamva izi, mtsikanayo anagwira nchito zitatu. Poyamba ananyamula mphika kunka nao kutali ndi nyumba, naumiza m'ndowa ya madzi ozizira kufikira madzi anaphimba dothi lonse. Anatsamiritsa kamtengo pa mphika kufikira kunja kwa ndowa, kakhale ulalo. Posacedwa nyerere zinaturuka piringupiringu, zitasenza tinthu toyera tonga mpunga. Anthu ambiri ayesa tinthuto mazira, koma tambiri ndi ana ao osakhwima. Zinaoloka pa kamtengo nizithawira kuthengo. Litapita ola limodzi anabvuula mphika, popeza mizu nayonso ifuna mpweya, ndipo ikakhalitsa m'madzi ibvunda. M'mawa mwace anaumizanso, kuti ngati manthu anatsala aturuke.

Kaciwiri anasungunula sopo pang'ono m'madzi, natsuka tsamba liri lonse pamwamba ndi kunsi komwe. Anacita ici madzulo, kuti dzuwa lingaoce masamba onyowa, ndipo m'mawa anawatsukuluza ndi madzi oyera. Atapita masiku 7 anabwerezanso, cifukwa nsabwe zotsala ziswana msanga. Anadzaza mphako za mu mphika ndi dothi latsopano losakaniza ndi manyowa oola bwino a m'khola, nalitsindira ndi zala.

Kacitatu anatseka njira. Nyerere ikapeza cakudya isiya pfungo pa njira yace, ndipo zinzace zitsata pfungolo. Cotero mtsikanayo anasuntha mphika kuucotsa pa malo akale. Anaika njerwa m'beseni la madzi, nakhazika mphika pamwamba pa njerwayo, kuti madzi auzinge monga mtsinje uzinga cisumbu. Anayang'anira kuti tsamba lisakhudze khoma, pakuti pamenepo pakadakhala ulalo wina. Madzi a m'beseni anawataya masiku 3 ali onse nathira ena, cifukwa madzi okhalitsa aswa udzudzu wa malungo. Amene alibe beseni akhoza kuzinga mphika ndi phulusa louma, koma liyenera kuthiridwa lina likanyowa.

Mbandeyo inaphuka masamba atsopano, ndipo mvula itakhazikika inaokedwa m'dzenje lace. Padzapita zaka zingapo isanabale, pakuti lalanje la njere licedwa.

Mlongo uja anafunsa cifukwa cace nyerere zinaloledwa kuthawa zamoyo. Yankho lace ndi ili: pa dziko lapansi pali mitundu ya nyerere yoposa 12,000, ndipo yambiri ithandiza mlimi. Kumunda zifewetsa nthaka kuti mvula ilowe, zicotsa tizirombo takufa, ndipo zina zigwira mbozi ndi ciswe. Ziipa pokha pokha pamene zimanga mudzi m'malo opapatiza ngati mphika.

Mwana wa sukulu amene alera mbande atembenuze masamba ace sabata iri yonse, athirire dothi lisanaume gwa, ndipo akaona mzere wa nyerere afunse poyamba cimene zadzera. Akacotsa cakudya cao ndi kutseka njira yao, zidzacoka zokha, ndipo mtengo udzakhala ndi moyo.